Angus MacKay: woliza zitoliro wa Mfumukazi amene anaika nyimbo za pakamwa papepala

Amene munaonera pa kanema maliro a Mfumukazi Elizabeth II pa 19 September 2022 mukukumbukira mmene mwambo unathera. M'tchalitchi cha St George ku Windsor, bokosi litatsitsidwa, bambo wina wovala chonga siketi ya mabokosimabokosi anayamba kuliza zitoliro, n'kutembenuka, n'kumapita, kulirako kukuzilala pang'onopang'ono mpaka kuti zii. Ambiri tinafunsana kuti kodi ameneyu ndani. Dzina lake ndi Paul Burns, ndipo ntchito yake inali yolizira Mfumukazi zitoliro m'mawa, 9 koloko ikakwana, kwa mphindi 15, ataima panja pafupi ndi windo.

Udindo umenewu unayamba mu 1843, ndipo woyamba kuugwira anali Angus MacKay wa pachilumba cha Raasay ku Scotland. Anamwalira ali ndi zaka 45 zokha, koma mpaka lero oliza zitoliro akamakangana kuti nyimbo yakutiyakuti imayenera kumveka bwanji, dzina lake silisowa pa mkanganowo. Ena amati ndiye anapulumutsa nyimbo zakale za anthu a kumapiri a Scotland. Ena amati pozipulumutsapo anaziumitsa. Kuti mfundo za mbali ziwirizi zimveke, tiyambe ndi choimbiracho.

Thumba limodzi, mawu osaduka

Angerezi amachitcha bagpipe. Eni ake, olankhula chinenero cha Gaelic, amati pìob mhòr, kutanthauza chitoliro chachikulu. Pakati pake pali thumba, limene kale linkakhala la chikopa cha nkhosa, ngakhale masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito la kufakitale. Woimba amauzira mpweya m'thumbamo, n'kulipana m'khwapa. Iye akamapuma, mkono umafinya thumba, mpweya n'kumatulukabe. Amene munaonapo mvukuto wa wosula makasu mwachimva kale chinsinsi chake.

Mpweyawo umatulukira m'zitoliro zinayi. Zitatu zimatsamira paphewa ndipo chilichonse chimangolira liwu limodzi losasintha, ziwiri liwu lapakati, chachitali liwu la besi. Chachinayi chili ndi mabowo asanu ndi atatu, asanu ndi awiri kutsogolo ndi limodzi la chala chachikulu kumbuyo, ndipo ndi chimene chimatulutsa nyimbo. Manotsi ake ndi asanu ndi anayi basi.

Apa pali mfundo imene nkhani yonse yatsamirapo. Choimbira chimenechi chikayamba kulira sichingapume pakati, sichingakweze mawu kapena kuwatsitsa. Nanga woimba angalekanitse bwanji manotsi awiri ofanana otsatizana? Amagwetsa kapena kudzutsa chala mwachangu kwambiri, n'kuponya timanotsi tating'ono pakati pake. Zili ngati nthungululu: mawu amatuluka mosaduka kukhosi, lilime ndi limene limawadula. Pa zitolirozi zala zimagwira ntchito ya lilime, ndipo luso lonse lagona pa timanotsi timeneti ndi pa kutalika kwa noti iliyonse.

Nyimbo zazing'ono ndi nyimbo zazikulu

Zimene timamva pa perete, gulu la oliza zitoliro likuguba ndi ng'oma, eni ake amazitcha ceòl beag, nyimbo zazing'ono. Ndi zogubira ndi zovinira, ndipo munthu angathe kuziombera m'manja.

Palinso ceòl mòr, nyimbo zazikulu, zimene dzina lake lofala ndi piobaireachd. Mawuwa pa okha amangotanthauza kuliza zitoliro. Izi amaimba munthu mmodzi yekha, akuyenda pang'onopang'ono, ndipo nyimbo imodzi imatha kutenga mphindi khumi, zina kuposa makumi awiri. Zina ndi zolira maliro, zina zolonjera mfumu, zina zomemeza anthu a fuko kuti asonkhane. Zakale zimene zilipo lero ndi pafupifupi 300.

Kamangidwe kake n'kotere. Woimba amayamba ndi ùrlar, kutanthauza pansi, ndiwo mutu wa nyimbo, ndipo amauimba modekha. Akatero amatenga manotsi akuluakulu a mutuwo n'kuwabwereza m'zigawo, chigawo chilichonse chikuchulukitsa timanotsi tokometsera tija. Chakumapeto kumabwera taorluath, kenako crunluath, pamene zala zimathamanga moti maso sangazitsate. Zikafika pachimake, woimba amabwerera ku mutu uja, modekha ngati poyamba. Taganizirani mlaliki amene wawerenga vesi limodzi mofatsa, n'kuyamba kulitambasula, kulibwereza, mawu akukwera, thukuta lili kamukamu, kenako n'kutseka ndi vesi lomwe lija, tsopano likumveka mwatsopano.

Kunena chilungamo, munthu akamva piobaireachd koyamba amayesa kuti woimbayo akuchuna chabe, nyimbo yeniyeni ikubwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene chimasokoneza n'chakuti mutu wa nyimboyi ulibe kugunda kokhazikika koti n'kupondera phazi. Woimba amakoka noti iyi, n'kudula iyo, monga mmene munthu amachitira polankhula. Musaiwale zimenezi, chifukwa ndi pomwe pepala linadzavutikira.

Mabanja a oimba, ndi funso lakuti kodi zitoliro zinaletsedwa

M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, mafumu akuluakulu a mafuko a kumapiri ndi kuzilumba ankakhala ndi oliza zitoliro awoawo, ndipo udindowo unkayenda m'banja, bambo kusiyira mwana. Woimbayo ankapatsidwa malo olima ndi odyetsera ziweto. A MacArthur ankaimbira a MacDonald a ku Sleat, a Rankin ankaimbira a MacLean ku Mull. Otchuka kuposa onse anali a MacCrimmon, oimbira mafumu a MacLeod a ku Dunvegan pachilumba cha Skye. Mbiri ya pakamwa imati anali ndi sukulu pamalo otchedwa Borreraig, kumene mafumu ena ankatumiza anyamata awo kukaphunzira kwa zaka zingapo. Pamalopo anamangapo chipilala chamiyala mu 1933.

Pa 16 April 1746 asilikali a boma la Britain anagonjetsa gulu la Charles Edward Stuart, amene ankafuna kulanda ufumu wa Britain, pa nkhondo ya ku Culloden. Zitatero boma linakhazikitsa malamulo olanda zida, oletsa zovala za anthu a kumapiri, ndi ochotsera mafumu mphamvu zoweruza milandu. Mudzamva kawirikawiri kuti zitoliro nazo zinaletsedwa. Lamulolo likawerengedwa, zitoliro sizitchulidwamo. Chimene chinachitikadi n'chakuti woliza zitoliro wina wa gulu logonjalo, James Reid, anaweruzidwa ku York n'kunyongedwa mu November 1746, khoti litakana dandaulo lake lakuti iye sananyamule chida. Nkhani ya munthu mmodziyu ndi imene inakula m'kamwa mwa anthu mpaka kusanduka lamulo limene silinalembedwe.

Chimene chinafooketsa mabanja aja kwambiri chinali ndalama. Mafumu anayamba kusanduka eni malo ofuna lendi, ambiri akukhala ku Edinburgh ndi ku London, ndipo kusunga banja la oimba pa malo aulere kunayamba kuoneka ngati kuwononga. Sukulu ya ku Borreraig inatha cha m'ma 1770. Poopa kuti nyimbozi zifera limodzi ndi nkhalamba, bungwe la Highland Society of London linayambitsa mpikisano mu 1781 ku Falkirk, pa nthawi ya msika waukulu wa ng'ombe, ndipo patapita zaka zochepa unasamukira ku Edinburgh. Kuchokera pamenepo woimba anasiya kuyang'ana kwa mfumu ya fuko lake, n'kuyamba kuyang'ana kwa oweruza a mpikisano, amene ambiri anali mabwana osadziwa kuliza zitoliro.

Canntaireachd: manotsi a pakamwa

Nyimbo zazitali chonchi ankaphunzitsana bwanji popanda buku? Ankaziimba pakamwa, m'njira yotchedwa canntaireachd. Awa si mawu okhala ndi tanthauzo. Mavawelo amaimira manotsi, makonsonanti amaimira timanotsi tokometsera. Mphunzitsi akati "hiharin", wophunzira amadziwa zala zoti adzutse ndi zoti agwetse. Akati "darid" ndiye taorluath, akati "bandre" ndiye crunluath.

A kwaya amene anakulira pa do-re-mi aona kufanana kwake, koma kufanana kwenikweni kuli kwa woimba ng'oma amene amayamba wamuimbira mwana kamvekedwe ka ng'omayo pakamwa asanamulole kuigwira. Pakamwapo pamadutsa zambiri kuposa manotsi: pokoka, podula, popumira, ngakhale chisoni cha nyimboyo.

Munthu wina wa ku Argyll, Colin Campbell, anayesa kulemba canntaireachd m'mabuku pamanja, loyamba lili ndi chaka cha 1797. Mabuku awiri amene alipo ali ndi nyimbo 168. Mwana wake John atapita ndi zolembazi ku mpikisano wa ku Edinburgh mu 1816, oweruza sanazimvetse. Iwo ankafuna manotsi a pa mizere isanu, amene aliyense wodziwa piyano angawerenge, ndipo ankapereka mphoto kwa woliza zitoliro aliyense woyesa kulemba motero. Donald MacDonald wa ku Skye anasindikiza nyimbo 23 cha m'ma 1820. Khomo linali litatseguka, koma wolowa ndi katundu yense anali akadali mwana.

Mnyamata wa ku Raasay ndi buku la 1838

Raasay ndi kachilumba kopyapyala pakati pa Skye ndi mtunda waukulu wa Scotland. Angus MacKay anabadwira kumeneko mu 1813. Bambo ake, John MacKay, anali woliza zitoliro wa mfumu ya a MacLeod a pachilumbapo, anapambana mpikisano wa ku Edinburgh mu 1792, ndipo mbiri ya oimba imati anaphunzira kwa a MacCrimmon omalizira. N'chifukwa chake banjali limatengedwa ngati mlatho pakati pa sukulu yakale ija ndi oimba a lero. Cha m'ma 1823 bamboyo anasamutsa banja lake kupita ku Drummond Castle m'chigawo cha Perthshire kukagwira ntchito kwa bwana wina.

Kusamukako kunamuika Angus pakati pa maiko awiri. Kunyumba ankamva Gaelic ndi canntaireachd kwa bambo ake, kunja ankakumana ndi Chingerezi ndi manotsi a papepala. Ali ndi zaka 12 analandira kamphoto ku Edinburgh chifukwa cholemba nyimbo za zitoliro m'manotsi. Mu 1835 anapambana mphoto yoyamba pa kuliza kwenikweniko. Ndiye mu 1838, ali ndi zaka pafupifupi 25, anatulutsa buku lotchedwa A Collection of Ancient Piobaireachd or Highland Pipe Music, la nyimbo 61. Kuwonjezera apo anasiya zolemba pamanja za nyimbo zina 183, zimene lero zikusungidwa ku National Library of Scotland ku Edinburgh. Mukaphatikiza, muona kuti gawo lalikulu la nyimbo zakale zimene zilipo linadutsa pa cholembera cha munthu mmodziyu.

Koma kulemba n'kusankha. Manotsi a pa mizere isanu amafuna kuti nyimbo igawidwe m'tizigawo tofanana kutalika, pamene mutu wa piobaireachd, monga taonera, suyenda motero. MacKay anayenera kugamula kuti noti iyi ikhale yaitali bwanji, ndiponso kuti kanoti aka n'kokometsera chabe kapena ndi mbali ya nyimbo. Pamene Donald MacDonald ankalemba timanotsi tolowera m'njira zosiyanasiyana, MacKay anatisalaza kuti tizifanana, ndipo noti ina yolowera, ya E, anaipatsa kutalika kwakekwake. Zotsatira zake zinali buku looneka bwino, losavuta kutsata, limene oweruza akanatha kulitsegula pamiyendo n'kumaona ngati woimba waphonya.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Chinenero chikalowa m'buku la kusukulu, kalankhulidwe ka dera limodzi kamasanduka "kolondola", ndipo mwana wolankhula monga amalankhulira agogo ake amapezeka walakwa mayeso. Bukulo silinanene kuti agogowo ndi olakwa. Koma mphunzitsi wagwira buku, agogo ali kumudzi.

M'buku la 1838 munalinso nkhani zofotokoza mbiri ya mabanja a oimba ndi chiyambi cha nyimbo zina. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti mbali imeneyi analemba ndi munthu wina, James Logan, osati MacKay. Zambiri zimene anthu amanena lero za a MacCrimmon zinafalikira kuchokera m'masamba amenewo.

Kunyumba ya Mfumukazi, ndi mtsinje wa Nith

Mu 1842 Mfumukazi Victoria anapita ku Scotland koyamba n'kukacheza ku Taymouth Castle, kumene mwini nyumba anamulandira ndi oliza zitoliro. Zinamugwira mtima moti anafuna wakewake, ndipo chaka chotsatira MacKay analembedwa ntchito. Pasanathe zaka 100 chichitikire nkhondo ya ku Culloden, mwana wa kuzilumba anali kulizira zitoliro banja lomwe asilikali ake anapambana nkhondoyo. M'zaka zomwezo za m'ma 1840 a MacLeod a ku Raasay, atamira m'ngongole, anagulitsa chilumba chija, ndipo mwini watsopano anasamutsa mabanja ambiri kuti apeze podyetsera nkhosa. Nyimbo zinkakwera kunyumba yachifumu pamene midzi imene zinabadwiramo inkasanduka mabwinja.

Udindowu unawonjezera ulemu wa buku lija. Ndani akanatsutsa zolemba za woimba wa Mfumukazi?

Mu 1854 MacKay anadwala matenda a maganizo ndipo anamutengera ku chipatala cha Bethlem ku London. Ntchito yake inapita kwa William Ross, amene anaigwira mpaka 1891. Mu 1856 MacKay anamusamutsira ku chipatala cha Crichton Royal ku Dumfries, kummwera kwa Scotland. Pa 21 March 1859 anathawa pachipatalapo n'kumira mu mtsinje wa Nith. Pofuna kuika chakachi pamalo pake m'mutu, n'chaka chomwe David Livingstone, amene agogo ake anachokera pachilumba cha Ulva kwa olankhula Gaelic omwewo, ankakwera mtsinje wa Shire n'kufika ku nyanja.

Pepala ndi pakamwa pambuyo pake

Kuphunzitsana pakamwa sikunathe ayi. Kuchokera kwa ophunzira a John MacKay kunatuluka mizere iwiri yotchuka, wa banja la Cameron ndi wa banja la MacPherson, ndipo mpaka lero oimba amatchula mzere wawo monga munthu amatchulira mfunda wake. John MacDonald wa ku Inverness, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1865 mpaka 1953, anaphunzira ku mbali zonse ziwiri, ndipo iye anaphunzitsa Robert Brown ndi Robert Nicol, oimba a kunyumba yachifumu ya ku Balmoral, komanso Donald MacLeod. Onsewa ankaimbira ophunzira awo pakamwa, n'kumawauza kuti pepala ndi chikumbutso chabe.

Komabe mphamvu ya pepala inakulirakulira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunabadwa bungwe la Piobaireachd Society, limene limasindikiza mabuku ake ndi kusankha nyimbo zoimbidwa pa mipikisano ikuluikulu chaka ndi chaka. Mkonzi wake wamphamvu kwa zaka zambiri anali Archibald Campbell wa ku Kilberry, amene anagwirapo ntchito ya uweruzi ku India. Mabuku a bungweli anatsamira kwambiri pa MacKay. Wofuna mendulo ya golide ku Inverness kapena ku Oban, imene ndi loto la woliza zitoliro aliyense, ankadziwa kuti kupatuka pa zolembedwazo n'kudziika pa ngozi.

Zimene sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi lakuti kodi MacKay analemba zimene bambo ake ankaimba, kapena zimene manotsi a pa mizere isanu anamulola kulemba. Makina ojambula mawu anabwera iye atamwalira kale, ndiye palibe khutu la lero limene linamva kuliza kwake. Chitsanzo chodziwika ndi noti ina ya A yapansi imene iye ankailemba mkati mwa taorluath ndi crunluath. Oimba ambiri a lero saiimba, amati inali kalembedwe chabe. Ena ankaumirira kuti akale ankaiimbadi, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anthu analemberana makalata aukali m'nyuzipepala ya Oban Times pa kanoti kamodzi kameneka.

Pali funso la matenda ake. Mu 1980 mtolankhani Alistair Campsie anatulutsa buku lonena kuti mbiri ya a MacCrimmon inakokomezedwa kwambiri, ndiponso kuti zolemba za MacKay n'zosadalirika chifukwa cha kudwala kwake. Omutsutsa amayankha kuti buku la 1838 linatuluka zaka 16 MacKay asanagonekedwe m'chipatala, ndipo zolakwika zimene zilimo n'zofanana ndi zimene zimapezeka m'buku lililonse la manotsi la nthawi imeneyo. Pa za a MacCrimmon, zikalata zimatsimikiza kuti banjalo linalipo ndipo linkaimbira a MacLeod. Kuti nyimbo iti anapeka ndani, ndiponso kuti sukulu ija inkayenda bwanji, umboni wake wambiri ndi wa pakamwa.

Wolemba mbiri William Donaldson anabwera ndi mfundo ina: kuti wosalaza nyimbo kwenikweni sanali MacKay, koma mabwana a mipikisano ndi akonzi a m'zaka za m'ma 1900, amene anasintha ngakhale zolemba za MacKay yemweyo n'kuchititsa kuti pakhale njira imodzi yokha yovomerezeka. Oikira kumbuyo bungwe lija amati popanda mabuku ake otsika mtengo ndi mipikisano yake, nyimbo zambiri bwenzi zitangokhala m'mashelefu osaimbidwa, ndipo akonziwo ankatsata zimene anaphunzira kwa akatswiri a nthawi yawo.

Ndiye pali funso la liwiro. Allan MacDonald wa ku Glenuig, woliza zitoliro amene Gaelic ndi chinenero chake chobadwa nacho, anachita kafukufuku ku yunivesite ya Edinburgh amene anamaliza mu 1995, kuyerekeza piobaireachd ndi nyimbo zapakamwa za Gaelic zokhala ndi mitu yofanana. Iye akuti kale nyimbozi zinkayenda mwachangu ndi momasuka, motsata kamvekedwe ka chinenerocho, ndipo zinazizira zitalekana nacho. Ena akuti kaimbidwe kodekha ka lero n'kamene analandira kwa aphunzitsi awo, mzere wosaduka kubwerera kwa John MacKay, ndipo nyimbo ya mawu ndi nyimbo ya zitoliro sizikakamizidwa kufanana.

Masiku ano zolemba zakale zambiri, za MacKay, za Donald MacDonald ndi za Colin Campbell, zili pa intaneti, moti wophunzira wa ku Canada kapena ku New Zealand angathe kuziika pambali n'kuona yekha posiyana. Ku Skye kunayambikanso mpikisano woimba motsata zolemba za Donald MacDonald. Oweruza ambiri tsopano amati amalandira njira iliyonse yokhala ndi gwero lodalirika. Chimene sichinayankhidwe n'chakuti gwero lodalirikalo ndi liti pamene pepala la 1838 likunena china, la 1797 china, ndipo mphunzitsi wako, amene anaimbiridwa pakamwa ndi mphunzitsi wake, akukuimbira chachitatu.